Mutu wachitatu unayang'ana kumbuyo

Ntchito yanga ku Moatize inali yopukuta njanji ndi kansalu. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi zoona. Njanji yake inali ya patebulo, yopyapyala ngati sipoko ya njinga, ndipo inkazungulira chipinda chonse cha sukulu ina yophunzitsa oyendetsa sitima. Zinali zaka zija malasha atangotchuka, pamene aliyense wa miyendo iwiri ankathamangira ku Moatize mapepala ali m'manja. Ine ndinaphunzira zamagetsi, ndiye anandilemba ngati tekiniko kuti ndizisamala chidolecho. Aphunzitsi athu, bambo wina wochokera kutsidya la nyanja amene Chipwitikizi chake chinkamveka ngati akuimba, sankafuna kumva mawu akuti chidole. Ankati ndi makete, ndipo tonse tinazolowera kunena kuti makete.

Pa makete panali phiri la makatoni ndi simenti, mlatho, mabogi odzaza malasha apulasitiki, ndi mitu ya sitima isanu ndi umodzi, uliwonse wotalika ngati chikhatho changa. Mdani wanga anali fumbi lochokera ku migodi ya malasha ya ku Chipanga. Mawindo tinkatseka, pansi pa chitseko tinkaikapo chisanza chonyowa, koma m'mawa uliwonse kansalu kanga kankachoka pa njanji katada bii. Fumbi likatsalira, mitu inkayenda motsimphina, ndipo wokalipiridwa ndinali ine.

Magetsi ankakhala m'njanji nthawi zonse, koma mutu sunkasuntha usanaitanidwe. M'mimba mwa mutu uliwonse munali kachipangizo kakang'ono kokhala ndi nambala yakeyake. Woyendetsa ankagwira komando, kabokosi ka mabatani kokhala ndi kagudumu koonjezera liwiro, n'kulemba nambala, ndipo mutu wa nambala imeneyo wokha ndi umene unkamva. Phunziro lalikulu linali lomanga mitu itatu kuti imvere dzanja limodzi, iwiri kutsogolo, umodzi kumbuyo, monga zimakhalira pa sitima zenizeni za malasha zimene mutu umodzi sungazikweze chitunda. Umaipatsa yonse nambala imodzi ya gulu. Kenako komando imakufunsa za mutu uliwonse kuti wayang'ana kutsogolo kapena kumbuyo. Funsoli limaoneka lachibwana, koma mutu sudziwa kumene sitima ikulowera, umangodziwa kumene kuli mphuno yake. Ukaukhazika chotembenuka osaiuza komando, iwe ukati tiyeni, iwo umalowera kwina.

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo ophunzira ankandiopa kuposa aphunzitsi. Pa mayeso, munthu asanakhudze kagudumu, aphunzitsi ankandicheukira n'kufunsa kuti, "Tekiniko, zonse zili bwino?" Lamulo linali lakuti ndikaona cholakwika choti chingathyole katundu, ndinene pomwepo. Wophunzira ankachotseredwa pang'ono pa mayeso ake, n'kukonza, n'kupitiriza. Ndipo ndinkanenadi, osati monong'ona. "Achimwene, malasha amenewa mukupita nawo kudoko kapena kwa amayi anu?" Chipinda chonse chinkafa ndi phwete, koma munthu ankakhoza.

Apongozi anga aamuna, bambo a mkazi wanga, ankakhala ku Zobue, kumtunda kozizira, kumene ankalima chimanga, mbatata ya kachewere ndi kabichi. Koma mumtima mwawo sanali mlimi. Nkhondo isanatseke njanji anali wothandizira makinista, woyendetsa sitima, ndipo anali atatsala pang'ono kupatsidwa mpando wawowawo. Nkhondo inawathamangitsira ku Malawi ndi banja lonse. Pobwerera anapeza mitengo itamera pakati pa njanji, iwo n'kugwira khasu. Chisoti chawo cha ntchito chinkakhala m'bokosi limodzi ndi makadi a ubatizo a ana.

Tsiku lina sukulu yathu inalengeza kuti ikufuna akale a panjanji. Okhoza mayeso a pa makete akanapita kukaphunzira pa sitima zenizeni. Zaka za apongozi zinali pa malire penipeni, chaka chotsatira sakanawalandiranso. Mkazi wanga ndi amene anandiuza, akusenda anyezi osandiyang'ana.

"Ababa akuti abwera Lamlungu. Akufuna kudzalemba mayeso kwanu kuja."

Sindinakondwe nayo nkhaniyi. Sikuti sindinkawafunira zabwino. Koma kwathu mkamwini sakhala mpando umodzi ndi apongozi, sadya nawo mbale imodzi, sawayang'anitsitsa m'maso. Zowawongolera pagulu ndiye sitinena n'komwe. Pa zaka zonse za ukwati wathu, zimene ine ndi iwo tinali titakambirana maso ndi maso zinali moni, mvula ndi mtengo wa feteleza. Nkhani iliyonse yolemera inkadzera mwa mkazi wanga. Ndinkanyadira zimenezi, chifukwa ku Zobue anthu ankati mnyamata wa ku Moatize uja ndi wolongolola, koma ulemu ali nawo.

Anafika pa shapa, minibasi ya masana, atanyamula thumba la mbatata ndi chisoti chija m'pepala lapulasitiki. Tinawapatsa chipinda chakuseri. Maphunziro anali a sabata imodzi, mayeso Lachisanu. M'kalasi munali anthu pafupifupi makumi atatu, makomando awiri okha, ndipo akale anali anayi pakati pa anyamata ozolowera mabatani a foni. Aphunzitsi akafunsa za mabuleki, za kulemera kwa katundu, za mmene sitima imakhalira ikafika pamwamba pa chitunda theka lili kuno theka lili uko, apongozi ankayankha mpaka kalasi yonse kuti zii. Koma komando ikafika m'manja mwawo, zala zawo zokhuthala ndi khasu zinkadina mabatani awiri nthawi imodzi. Ankakweza magalasi, kuwatsitsa, kufuna zilembo pa kagalasi kakang'ono kaja, anyamata kumbuyo akudikira mpata wawo mopsa mtima. Ine ndinkaima pakona kansalu kali m'manja, pakamwa pali tseke. Pofika Lachiwiri mnyamata wina anandifunsa ngati ndikudwala dzino.

Masana aliwonse chipinda chinkakhala chopanda munthu kwa ola lathunthu, ndipo kiyi inali m'thumba mwanga. Ndikanatha kuwaitana, kukhala nawo pambali, kuwagwira chala n'kuwasonyeza. Ndinkaganiza zimenezi tsiku lililonse ndikudya mpunga wanga kuseri kwa sukulu, iwo akudya wawo pansi pa mtengo kutsogolo. Koma ndikayerekeza ndikunena kuti, "Ayi, si choncho, bwerezani," kwa munthu amene anandipatsa mwana wake, mpunga unkakana kutsika.

Ndiye tinatsegula sukulu ya makhonde awiri. Tikaweruka, ine ndinkakhala pa khonde lakutsogolo ndi mabokosi atatu a machesi, nditajambula komando pa katoni, n'kumaphunzitsa mkazi wanga. Iye ankanyamula zonsezo kupita pa khonde lakuseri kukaphunzitsa bambo ake, n'kubwerera ndi mafunso awo. Mkazi wanga ndi wamutu, manambala sanaphonye ngakhale imodzi. Pofika Lachitatu apongozi anali akumanga mitu itatu mosavuta m'kalasi, ndipo ine ndinayamba kudziona wochenjera.

Koma sabata yonse mitu ya m'kalasi inkakhala itayang'ana kutsogolo yonse, chifukwa ndimo mmene ndinkaiikira m'mawa. Zotembenuza mutu aphunzitsi anazisonyeza kamodzi, mofulumira, apongozi ali kumbuyo kwa mapewa a anyamata. Lachinayi madzulo ndinatembenuza bokosi limodzi la machesi n'kumuuza mkazi wanga kuti, "Kawauzeni kuti mutu wakumbuyo ukayang'ana kumbuyo, komando iyenera kuuzidwa. Ikafunsa, adine batani lachiwiri."

Anapita, koma sanachedwe.

"Akuti akudziwa."

"Akudziwa chiyani?"

"Aseka. Akuti mutu wakumbuyo umayang'ana kumbuyo kuyambira kale inu musanabadwe, kuti pobwerera usavute kutembenuza."

"Nanga za batani?"

"Ndanena. Angogwedeza mutu."

"Agwedeza movomera kapena agwedeza chabe?"

"Inu, khonde lake ndi ilo, mapazi khumi. Pitani mukawafunse nokha."

Ndinamupsera mtima ngati wolakwa ndi iye. Ndinati akazi a masiku ano sadziwa mwambo, ndinati akufuna kundichititsa manyazi. Iye anasonkhanitsa machesi ake n'kukayatsira mbaula. Ine ndinatsala ndi katoni yanga, ndikumva apongozi akutsokomola kuseri kwa nyumba.

Lachisanu m'mawa tinatuluka limodzi, iwo patsogolo, ine mapazi angapo kumbuyo monga mwa masiku onse. Anali atavala malaya oyera amene mkazi wanga anasita, chisoti chili m'pepala muja. Malole a ku mgodi ankatidutsa, fumbi likutsikira pa malayawo, iwo akulisasa ndi nsonga za zala. Mawu ndinali nditawakonza. Ndinafulumira mpaka ndinawayandikira, n'kutsokomola.

"Apongozi."

Anaima n'kutembenuka pang'ono, osandiyang'ana. "Akamwini?"

Nkhope yawo inali yowala ngati ya munthu wopita ku ukwati. Mawu aja ndinawameza.

"Kuzizira kulibe kuno," ndinatero.

"Kulibe," anayankha, n'kupitiriza ulendo.

Mayeso ankalemba mmodzimmodzi, ena onse ataima m'mbali mwa khoma. Aliyense ankatenga yekha mitu itatu pashelefu, kuiika pa njanji, kulumikiza mabogi, kumanga gulu pa komando, n'kukweza sitima phiri lija mpaka kukaimika pa mlatho. Anyamata onse ankaika mitu yoyang'ana kutsogolo, njira yachidule. Wachisanu anaiwala kutembenuza mphambano ya njanji, ndipo aphunzitsi atandifunsa ndinakuwa kuti, "Sizili bwino, uyu akufuna kulowetsa sitima m'chimbudzi!" Anthu anaseka, mnyamata anakonza, anakhoza. Ndinaona apongozi nawonso akumwetulira.

Iwo anali achisanu ndi chinayi. Anatulutsa chisoti m'pepala n'kuvala, ndipo palibe amene anaseka. Anatenga mutu woyamba ndi manja awiri, kuukhazika, kupendeketsa khosi kuti aone ngati mawilo onse agwira. Wachiwiri chimodzimodzi. Anayenda m'mbali mwa mabogi akugwira polumikizira paliponse ndi chala, chinthu chimene mnyamata aliyense sanachite, ndipo ndinaona aphunzitsi akulemba kanthu uku akugwedeza mutu mokondwa. Atafika kumapeto ananyamula mutu wachitatu, anauyang'ana, n'kuutembenuza mosakayika kuti mphuno iloze kumbuyo.

Ndinali nditaima kumbuyo kwawo chapatali, malo a mkamwini, ndipo kagalasi ka komando sindinkakaona. Ndinkangowerenga kulira kwa mabatani. Nambala ya gulu. Mutu woyamba, batani. Wachiwiri, batani. Wachitatu, batani, koma liti? Ndinadziuza kuti mwina anamva, mwina kugwedeza kuja kunali kuvomera. Kenako anayatsa nyale. Nyale yoyera ya pamphuno ya mutu wachitatu inawala, italoza kukhoma lakumbuyo. Mutu umayatsa nyale yoyera mbali imene ukuganiza kuti ukupita. Chinthu chimenechi ndinali nditachiona kambirimbiri, panalibe chokayikitsa.

"Tekiniko, zonse zili bwino?"

Anthu onse anatembenukira kwa ine, ena atayamba kale kumwetulira poyembekezera nthabwala. Apongozi okha sanatembenuke. Ndinkaona kumbuyo kwa khosi lawo, kolala yoyera itayamba kuda, ndi chisoti chofwifwa chija. Mawu anali ochepa: mutu wachitatu sunauzidwe. Akanachotseredwa pang'ono, akanakonza, akanakhoza, chifukwa zina zonse anali atachita bwino kuposa aliyense. Koma akanakonzedwa ndi mkamwini wawo pamaso pa anthu pafupifupi makumi atatu, ndipo ambiri a iwo ankadziwa kuti ine ndine ndani kwa iwo. Ndinatsokomola kawiri mwamphamvu, ndikuyembekezera kuti acheuka n'kuona nyale. Sanacheuke.

"Tekiniko?"

"Njanji ndi yoyera," ndinatero, maso ali pansi.

Silinali bodza, njanji ndinali nditaipukuta ndekha. Aphunzitsi anamva ngati ndavomera, n'kukweza dzanja.

Apongozi anatembenuza kagudumu pang'onopang'ono, mwa munthu wodziwa kuti katundu wolemera sadzidzimutsidwa. Mitu iwiri yakutsogolo inanyamuka, polumikizira mabogi pakulira ke, ke, ke, mpaka mzere wonse unakungika. Pamenepo sitima inaima njii. Mutu wachitatu unali kukokera kwawo, mawilo akuzungulira pamalo amodzi. Apongozi anapendeketsa mutu kumvetsera, ndipo ndikudziwa chimene anaganiza, anaganiza kuti katundu walemera pa chitunda. Anaonjezera liwiro. Ngakhale pamenepo ndikanakuwa, batani lofiira loimitsa zonse linali pafupi ndi dzanja langa. Mitu iwiri inagonjetsa umodzi n'kuyamba kuukwekwereza chokwera phiri, fungo la moto wamagetsi likumveka. Pokhota, mabogi apakati anakokedwera mkati, anapendekeka, n'kugwa motsatizana, malasha apulasitiki kuti balala mpaka pansi pa simenti. Polumikizira pamodzi panaduka kuti thwa. Mutu wachitatu, utamasuka, unathamanga wokha chakumbuyo nyale ili ngwee, mpaka unakagunda kumapeto kwa njanji.

Mnyamata mmodzi anaphulika kuseka, anzake anamugunda ndi chigongono. Apongozi anabweza kagudumu, anaika komando patebulo ndi manja awiri, n'kuvula chisoti. Aphunzitsi anawayankhula mofatsa ndi mwachisoni kuti sitima ikagwa munthu walephera mayeso, lamulo siliwalola kuchitira mwina. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Madzulo ake anandipatsa kalata yondichenjeza, ndipo ndinaisayina osawerenga. Ndinagwada kutola malasha limodzilimodzi kuti ndisaone apongozi akutuluka.

Nditafika kunyumba ndinapeza atakwera kale shapa ya ku Zobue. Mkazi wanga sanandifunse kanthu, anangondiikira madzi osamba. Sabata ziwiri ndinkayenda ngati munthu woba, ndipo kuntchito nthabwala zinandithera.

Loweruka lachitatu tinapita ku Zobue. Shapa inachedwa kumbuyo kwa mzere wa malole odikira kuoloka malire, ndipo ine ndinkalakalaka itachedwa mpaka mawa. Apongozi aakazi anati bambo ali kudimba. Mkazi wanga ananyamuka kuti akawaitane, koma mayi ake anamugwira mkono.

"Ati akabwera akamwini, atsike okha."

Ndinawapeza akupalira kabichi, atavala malaya ong'ambika pamapewa. Ndinanjuta chapatali n'kupereka moni. Iwo anagoneka khasu pansi, anakhala pa chipika cha m'mbali mwa dimba, n'kumenya ndi chikhatho malo otsala pa chipikacho.

"Khalani apa."

"Pano pali bwino, apongozi."

"Ndati khalani apa."

Ndinakhala. Mapewa athu anatsala pang'ono kugundana, ndipo ndinkamva fungo la thukuta lawo ndi dothi lonyowa. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirire mwana wawo.

"Nyale ija munaiona?"

"Ndinaiona."

"Ine nyaleyo ndinadzaiona komboyo, sitima ija, itagwa kale. Inu munaiona liti?"

"Musanakhudze kagudumu."

Anagwedeza mutu. Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanakweza.

"Mwana wanga anandiuza za batani. Ine ndi amene sindinamvetsere, ndinkati za komboyo andiuza chiyani mwana wobadwira m'manja mwanga. Kumeneko kulakwa n'kwanga. Koma inu munali pantchito, akamwini. Makinista amene ndinkayenda naye kale anali wamkulu ngati bambo anga. Tsiku lina potsika chitunda anasinza, ine ndinamumenya pa phewa ndi chipewa, ndinamutchula dzina lake lenileni, mwana ine. Titafika anandigulira tiyi. Panjanji munthu akaona amakuwa."

"Ndinaopa kukuchititsani manyazi pagulu."

"Manyazi ake akanatha tsiku lomwelo." Analoza kabichi ndi chibwano. "Izi ndiye sizitha."

Ndinalira, munthu wamkulu, pa chipika cha apongozi. Iwo anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anapisa m'thumba la buluku, anatulutsa bokosi la machesi, analiika pa bondo langa n'kulitembenuza.

"Tsopano tandiuzani nokha, ndi pakamwa panu. Batani lake linali liti?"

Mayeso anali atapita, ndipo chaka chotsatira zaka zawo zinali zitadutsa. Tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Komabe ndinajambula komando padothi ndi kamtengo, ndinawagwira chala chawo chokhakhala chija, n'kuchiika pa batani lachiwiri. Sizinatenge ngakhale mphindi imodzi.

"Basi?" anafunsa.

"Basi."

Anayang'ana padothipo kwa kanthawi, anafufuta ndi phazi, n'kutola khasu lawo.